Mmene ndinalowetsera mankhwala a achimwene kundende, ndi tsiku limene anandiuza kuti munthuyo kulibe

Mankhwala alowa, achimwene ayambiranso kumwa, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale chifukwa zimene ndaona masabata apitawa sindikufunira munthu wina. Za mlandu wawo musandifunse, uli kukhoti, iwo ali pa rimandi ndipo palibe amene wawapeza olakwa. Nkhani yanga ndi mankhwala basi. Anagwidwa ali pakati pa mankhwala a TB, ndipo amene munadwazikapo matendawa mukudziwa kuti ndi miyezi 6, iwiri yoyamba mankhwala a mitundu inayi, inayi yotsalayo mitundu iwiri, ndipo chapakatipa ndiye poopsa chifukwa munthu amakhala akupeza bwino, chifuwa chasiya, thupi labwerera, aliyense nkumati bola. Ukadukiza TB imatha kubwerera itakhwima osamvanso mankhwala oyamba aja, kuchiza kwake nkwa nthawi yaitali. Ndiye taganizani munthu woteroyo ali mu selo yodzaza, mpweya wochepa, wina akutsokomolera mnzake usiku wonse.

Zoti mutenge chiphaso, foni musalowe nayo, mufunse masiku oonera anthu chifukwa ndende iliyonse ili ndi ake, izo mudzamva pageti. Chimene sadzakuuzani ndi kalata. Musanapite kwina kulikonse pitani kuchipatala kumene wodwalayo amalandirira mankhwala akulembereni kalata, ikhale ndi dzina lake lonse, matenda, mayina a mankhwala, kamwedwe kake, deti imene anayamba ndi imene akuyenera kumaliza, chidindo, komanso nambala ya foni ya amene walembayo. Mukatero pangani fotokope zambiri, zambiri ndithu, kalatayo ndi kabuku ka kuchipatala komwe, ndipo yeniyeniyo isachoke m'manja mwanu olo wina atanena kuti ndingokaonetsa bwana ndibwera nayo pompano.

Tsopano tsiku lija. Achimwene anawachotsa kupolisi kuwapititsa kundende ife osadziwa, ine ndafika ndi katundu angondiyankha kuti amenewo anapita. Anapita kuti? Kafufuzeni kundende. Mawa lake ndinalawira kusanache, ndaima pamzere mpaka dzuwa kuswa mtengo, kufika kutsogolo bambo wa pa tebulo watsegula chibuku chachikulu chija chong'ambika chikuto, akunyambita chala kutsegula masamba, rula akutsitsa mzere ndi mzere, kenako watseka phaa, akuti mayi munthu wa dzina limeneli kuno kulibe. Mtima unangoti myuu. Munthu wodwala, kupolisi kulibe, kundende kulibe, ndiye ali kuti? Akuti kafunseni ku ofesi yolandirira akaidi. Kumeneko akuti ife sitiyankha anthu akunja, pitani kosunga mafayilo. Kosunga mafayilo chitseko chokhoma, mwini kiyi ali ku miting'i, dikirani. Ndadikira pabenchi, wabwera, wandiona, walowa, watulukanso akuti akukadya, ndipo pobwerako nthawi yoonera anthu inali itatha ndiye yankho lake linali lakuti bwerani mawa, akunena akuyang'ana pa foni. Tsiku lathunthu, thiransipoti yapita, kuntchito ndapempha, mankhwala ndabwerera nawo m'chikwama momwe ndinapitira nawo.

Mukudziwa chinali chiyani? Polemba kupolisi anatembenuza mayina, la bambo athu analiika poyamba, lawo pambuyo, nkulakwitsanso chilembo chimodzi, ndipo kundende anangokopera zomwezo pa pepala lochokera kukhoti. Munthu anali mkatimo nthawi yonseyi, mwina mamita ochepa kuchokera pabenchi ndinakhala paja. Anandithandiza ndi kalaliki wa kukhoti amene anandipatsa nambala ya mlandu nkundionetsa mmene dzina linalembedwera. Ndiye inu musamayende ndi dzina lokha ayi, pezani nambala ya mlandu, deti imene anamubweretsa, dzina monga lalembedwera pa pepala lakukhoti ngakhale lili lolakwika, ndipo mukangomupeza funsani nambala yake ya kundende muilembe pena paliponse. Kalata ya dokotala ija ngati dzina likusiyana ndi la pa fayilo bwererani akalembe mayina onse awiri, apo bii mudzauzidwa kuti kalatayi ndi ya munthu wina.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero nchoti zimenezi zinalembedwa kalekale mmene ziyenera kukhalira. Pali malamulo a United Nations a kasungidwe ka akaidi, anayamba mu 1955, anawakonzanso mu 2015 nkuwapatsa dzina la Nelson Mandela amene anakhala m'ndende zaka 27, onse pamodzi alipo 122. Lamulo 68 likuti mkaidi ali ndi ufulu wodziwitsa abale ake nthawi yomweyo kuti watsekeredwa kapena wasamutsidwa, ndipo apatsidwe njira yochitira zimenezo. Foni imodzi yokha bwenzi tsiku langa lija lisanapite pachabe. Koma ndikuuzeni, malamulowa si chikwapu choti mukakwapulire msilikali wa pageti, ndi muyezo umene mayiko anagwirizana, sakakamiza ngati lamulo la dziko, ndipo ukafika nkumati ufulu ufulu pageti ungodzitalikitsira ulendo. Ntchito yake ndinaiona m'kalata, ndifikako.

Nditawapeza ndimati basi zatha. Ayi ndithu. Pageti asecha chikwama, aona mankhwala, akuti izi sizilowa. Poyamba ndinakwiya koma apa pokha ndikuwamvetsa, mapiritsi mkatimo amasanduka malonda, wina akhoza kulanda, wina kumwa onse nthawi imodzi, ndipo ngakhale malamulo a Mandela omwewo pa 67 akuti mankhwala amene mkaidi wabwera nawo amene agamule zochita nawo ndi dokotala kapena wazaumoyo. Ndiye osalimbana ndi geti, nenani kuti ndikufuna kuonana ndi a kuchipatala cha m'ndende, ndili ndi kalata. Mankhwala akhale m'mapaketi ake momwe anachokera kuchipatala, zolemba zikuoneka, osawakhuthulira mu kabotolo kena kapena kukulunga pa pepala. Ine ulendo umenewo a nesi kunalibe, msilikali anatenga fotokope kuti akawapatsa, ndipo ulendo wotsatira palibe amene ankaidziwa kalatayo, inangosowa ngati yalowa pansi. Ikanakhala yeniyeni ija bwenzi ndikuyambiranso mzere wa kuchipatala. Fotokope abale. Ndipo mukapereka imodzi, ina ikhale yanu, amene walandirayo alembepo dzina lake, deti ndi kusayina, ena amanyinyirika koma mukapempha mwaulemu kuti bwana ndi yongoti kunyumba akaone kuti ndafikitsa, amasayina.

Kunja kwa geti simudzalephera kupeza munthu wokoma pakamwa amene adzakunong'onezeni kuti mayi musavutike, ndipatseni kangachepe ndikulowetserani lero lomwe. Ine anandipeza nditatopa ndipo mawu ake ankakoma, koma taganizani, mankhwala olowa mwa njira imeneyo sali mu buku lililonse, akawapeza posecha m'selo ndi katundu woletsedwa ndipo chilango chigwera m'bale wanu, akatha palibe amene akudziwa kuti munthuyu amafunika ena, mwinanso osafika nkomwe ndiye mukadandaula kwa ndani? Musapereke.

Chimene chinatsegula chitseko ndi kalata yopita kwa mkulu wa ndende. Yaifupi, tsamba limodzi losadzaza. Ndinalemba dzina, nambala yawo, matenda, kuti mankhwala adukizidwa kuyambira tsiku limene anagwidwa, kuti TB yosamalizidwa ndi chiopsezo kwa akaidi anzawo ndi kwa asilikali omwe, ndikupempha kuti aonedwe ndi a chipatala. Kumapeto ndinaika mzere umodzi wotchula lamulo 24 la malamulo a Mandela aja limene likuti chisamaliro cha zaumoyo kwa akaidi ndi udindo wa boma, chikhale chofanana ndi cha anthu akunja, chaulere, ndipo chithandizo chisaduke, mpaka likutchula HIV ndi TB ndi mayina. Sindinaopseze munthu, sindinatchule za tsiku langa lija ngakhale chala chinkayabwa. Mfundo ya asilikali omwe ija ndikuganiza ndi imene inagwira, chifukwa iwonso amapuma mpweya womwewo. Anandithandiza kufikitsa kalatayo ndi abusa amene amatumikira m'ndendemo, ndipo ngati simukudziwa poyambira funsani za iwowa kapena mtsogoleri wa chipembedzo chanu amene amalowa, amadziwa chitseko chilichonse ndi nthawi imene mwini wake amapezeka.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono, ndaiwala za loya. Kaya ndi wolipira kaya ndi wa thandizo laulere, mpatseni fotokope nayenso ndipo mumuuze anene za matendawa pamaso pa woweruza tsiku loyamba lomwe, zilowe mu rekodi ya khoti, chifukwa zimathandiza popempha belo komanso khoti likanena kuti munthuyu aonedwe kuchipatala kundende samazengereza ngati mmene amachitira ndi iwe wamba. Komanso mkaidi aliyense amayenera kuonedwa ndi wazaumoyo akangolowa kumene, ndi lamulo 30 la malamulo a Mandela limenelo, ndiye ngati mwapeza mpata wolankhula naye adakali kupolisi muuzeni asabise matenda. Achimwene ndi aja amanyazi, akuti ankaopa kuti anzawo awasala, ndinawakalipira pomwepo pa waya wa malo oonera akaidi.

Za kuona munthu, nthawi ndi yochepa kwambiri ndipo phokoso lake simungamvane, aliyense akukuwa kwa wake. Lembani pa kapepala zimene mukufuna kufunsa musanalowe chifukwa mukangomuona mutu umabalalika. Ine nditawaona atavala malaya omwe anagwidwa nawo, kolala yakuda bii, zala atakola pa waya, zonse zinauluka, iwo nkumati chemwali musalire, ana ali bwanji, kusukulu akupita? Mafunso ofunika ndi awa, mankhwala mukumwa tsiku lililonse, akukupatsani ndani, nthawi yanji, mwatsala ndi angati, mukugona pati. Chimene anapempha si chachikulu, sopo, mswachi, zovala zosinthira. Wa pa rimandi amaloledwa kuvala zake ngati zili zaukhondo, chakudya chochokera kunja malo ambiri amalola koma funsani kaye, ndipo chilichonse chagalasi, chachitsulo kapena chakuthwa chisiyeni kunyumba mungochedwetsa mzere. Sopo tengani wochulukirapo, mkatimo muli anthu amene chilowereni palibe anabwera kudzawaona ndipo amagawana.

Pamzere mumaphunzira zambiri kuposa mu ofesi. Mayi wina amene ankabwera kudzaona mwana wake wamkazi ndi amene anandiuza zosayinitsa fotokope zija, iyeyo vuto lake linali mapadi, mwezi ndi mwezi kubweretsa, pamene malamulo ena a United Nations otchedwa a Bangkok a 2010 okhudza amayi omangidwa akuti zimenezo azipatsidwa ulere. Zolembedwa ndi zochitika zimatalikirana, koma bola kudziwa kuti chimene ukupemphacho si chifundo.

Sindikunena kuti onse ogwira ntchito kumeneko ndi oipa ayi. A nesi nditakumana nawo anali okha, odwala ali mzere panja, koma anawerenga kalata yonse, anaimba foni pa nambala ija ndili pomwepo, nkulemba achimwene mu buku la TB la m'ndendemo kuti mankhwala azichokera konko ine ndisamanyamulenso. Anandifunsa masiku enieni amene anadukiza, ndipo apa nenani zoona musachepetse pofuna kukometsa, chifukwa ndi zimene amaonera ngati munthu angopitiriza, awonjezere nthawi kapena ayezedwenso makhololo. Koma bambo wa kiyi uja yekha, ayi, ameneyo ndikamuona mpaka pano ndimayang'ana kumbali.

China, akhoza kusamutsidwanso tsiku lililonse osakuuzani, makamaka mlandu ukatha. Fayilo ya zaumoyo imayenera kupita naye limodzi koma ine sindikudaliranso zoyenera, ndiye ndapempha a nesi andilembere pa fotokope yanga deti imene ayambiranso ndi mankhwala amene akumwa, ndapangitsanso mafotokope ena a pepala limenelo, ina ili kwa loya, ina kwa abusa, ina m'chikwama chimene ndimayenda nacho. Sabata yamawa ndikupitanso kukafunsa ngati zotsatira za makhololo zatuluka, ndipo ndikafikira ku chipatala konko, kosunga mafayilo sindikapondako.