Mmene ndimalongedzera katundu wa mwana wakhanda mwezi wachisanu ndi chitatu usanathe

Mimba ikafika masabata 34, ndimayala chitenje pabedi n'kuyamba kuikapo katundu pamodzi ndi mayi woyembekezerayo. Sindidikira tsiku limene linalembedwa m'buku la kusikelo. Ana ambiri sabadwa pa tsikulo, ndipo wobadwa masabata 37 asanakwane ndi amene amafuna katunduyu kuposa anzake. Milu imakhala iwiri: wopita nawo kuchipatala, ndi wodikira kunyumba.

Pamwamba penipeni pa chikwama ndimaika buku la kusikelo, m'kajumbo kuti lisanyowe, limodzi ndi chiphaso cha unzika cha mayi chomwe chimafunika polembetsa mwana m'kaundula. Mukafika kuchipatala cha Bwaila, cha Kawale kapena cha Area 25 mu Lilongwe pakati pa usiku, namwino amene sanakuonenipo amawerenga m'bukumo za kuchuluka kwa magazi anu, BP, ndi zotsatira za HIV ndi chindoko, inu ululu utakulandani mawu. Amene mumamwa ma ARV, botolo lanu lilowe m'chikwama chomwechi, osati m'kabati.

Zitenje ndimawerenga zisanu ndi chimodzi, ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake. Mwana akangotuluka amapukutidwa ndi choyamba, chomwe chimanyowa n'kuchotsedwa pomwepo. Chachiwiri, chouma, amamufunda nacho ali pachifuwa cha mayi ake. Ziwiri n'za mayi, ziwiri zotsalazo n'zosinthira. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amagula zitenje zonyezimira n'kuzilongedza chigulire. Chitenje chosachapa chimakhala cholimba ndipo sichimwa madzi, chimangotsetsereka pathupi pa mwana n'kumusiya ali chinyowere. Chichapeni kawiri mpaka chifewe, kapena tengani zakale zoyera bwino.

Pansi pa zitenje pamalowa pepala lakuda la pulasitiki loyala pabedi, sopo, tochi, mapadi akuluakulu mapaketi awiri, lezala latsopano losatsegula ndi ulusi. Beseni limanyamulidwa padera. Kuchipatala amamanga mchombo ndi kachipani kawo ka pulasitiki, koma lezala ndi ulusi ndimaikabe chifukwa mwana wina amabadwira m'galimoto. Mndandanda umene akupatsani kusikelo kwanu muutsatire, poti zipatala zimasiyana pang'ono pa zimene zimapempha.

Tsopano za kufunda. Mwana wakhanda amataya kutentha msanga kwambiri, makamaka kumutu. Ndimaika zipewa ziwiri, masokosi mapeya atatu, timalaya ta thonje tinayi totsegula kutsogolo, ndi shawelo imodzi. Mu June ndi July usiku wa mu Lilongwe umaluma, ndiye ndimaonjezera kabulangete. Mwana asasambitsidwe maola 24 oyambirira, ngakhale azigogo akakamire. Mafuta oyera amene amabadwa nawo pakhungu si uve, amateteza khungulo. Wobadwa wosakwana makilogalamu awiri ndi theka amafundira pachifuwa cha mayi, khungu kwa khungu, atavala thewera, chipewa ndi masokosi basi, monga amaphunzitsira kuchipinda cha kangaru. Mbaula isalowe m'chipinda chotseka mawindo, chifukwa mpweya wa makala umapha mwakachetechete, wosanunkha. Mu October vuto limatembenuka: mwana wokutidwa mabulangete atatu masana amatentha thupi n'kufooka poyamwa. Ndimagwira pachifuwa kapena kukhosi kuti ndidziwe ngati wafunda, osati kumanja, poti manja a khanda amazizira ngakhale ali bwinobwino.

Zovala za pakaunjika, ngakhale zogula kumsika wa Tsoka, zilibe vuto. Chachikulu n'kuzichapa, kuziyanika pachingwe padzuwa, osati paudzu, kenako kuzisita mbali zonse. Nyengo ya mvula kuli ntchentche ina imene imaikira mazira pa nsalu zachinyezi, makamaka zonunkha mkodzo. Mazirawo akaswa, mphutsi imalowa pakhungu la mwana n'kutupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Simbi yotentha imapha mazirawo.

Matewera ansalu ndimafuna osachepera 12, ndipo m'dzinja 18, popeza khanda limasinthidwa kasanu ndi katatu kapena kuposa patsiku ndipo nsalu siziuma. Ogula mapampasi musaunjike a saizi yoyamba, mwana amawapitirira msanga. Thewera lipindidwe m'munsi mwa mchombo kuti mkodzo usafikepo. Vaselini pang'ono kumatako amathandiza kuti chimbudzi chakuda chomata cha masiku oyamba chichoke mosavuta. Paudala sindigula: amalowa m'mapapo, ndiponso amaundana m'mapindiko a khungu n'kuyambitsa zilonda.

Pamchombo m'pamene ndimachedwapo, chifukwa ndi chilonda chotseguka cholunjika m'magazi a mwana. Mankhwala ake ndi chlorhexidine wa 7.1%, amene amapakidwa kuchipatala. Akakupatsani wopita naye kunyumba, sambani m'manja ndi sopo, pakani kunsonga ndi kuzungulira tsinde la mchombo mwa masiku amene namwino wanena, n'kuusiya poyera kuti uume. Mankhwalawa asayandikire m'maso, amatha kuchititsa khungu. Kachubu kake kasagone m'kajumbo kamodzi ndi mankhwala a m'maso a tetracycline, chifukwa munthu watulo usiku amasokoneza. Phulusa, mwaye, mafuta ophikira, mate, zitsamba, chilichonse mwa izi chisafikepo. Izi n'zimene zimalowetsa kafumbata ndi tizilombo towononga magazi. Mchombo umagwa wokha pakatha sabata imodzi kapena awiri, ndipo kuukoka kumangoyambitsa magazi. Mukaona mafinya, fungo, kapena kufiira kukufalikira pakhungu la pamimba, nyamukani tsiku lomwelo.

Chinthu chimene ndimaumiriza banja kugula, ngakhale litasiya shawelo yodula, ndi thermometer ya manambala ya ku famase. Ikani nsonga yake pakatikati pa khwapa louma, gwirani kamkono kagundane ndi thupi, dikirani ilire. Kutentha koyenera ndi madigiri 36.5 mpaka 37.5. Kukapitirira pamenepo, kapena kukatsika pansi pa 35.5, ndi ulendo wa kuchipatala, kaya ndi 2 koloko usiku. Khanda lodwala nthawi zambiri silitentha thupi, limazizira, n'chifukwa chake dzanja lokha silikwanira. Foni nayo ndi chida: mwana ali phee, vundukulani pamimba n'kuwerenga kupuma kwake mphindi yathunthu, mukuyang'ana nthawi pafonipo. Akafika 60 kapena kuposa, werenganinso, ndipo zikabwereza pitani. Chimodzimodzi akakana bere, akamalowa m'nthiti popuma, akamabuula, akachita linjirinjiri, akalefuka osatakataka, kapena akachita chikasu tsiku loyamba kapena chikafika m'zikhatho ndi kumapazi. Chikasu chiyang'aneni pawindo masana, babu limanamiza.

Mwina mwaona kuti m'mulu wa kunyumba mulibe Panado. N'dala. Panado amatsitsa kutentha n'kubisa matenda, pamene khanda lotentha thupi limafuna kuyezedwa ndipo kawirikawiri jakisoni. Mulibenso gripe water, botolo la mkaka, kapena mankhwala a liwombo. Liwombo limagunda mwa mwana aliyense ndipo limatseka lokha. Likalowa m'kati ndiye kuti madzi achepa m'thupi, likatupa ndi matenda, ndipo zonse ziwiri n'za kuchipatala. Chakudya ndi bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira ola loyamba, kasanu ndi katatu mpaka ka 12 usana ndi usiku. Mkaka woyamba wachikasu uja usafinyidwire pansi. Kuyambira tsiku lachisanu, matewera onyowa asanu ndi limodzi patsiku amakuuzani kuti mwana akukhuta. Mankhwala okhawo amene ndimawalola pashelefu ndi ochokera kuchipatala, monga nevirapine wa mwana wa mayi amene ali ndi HIV, pamodzi ndi kasirinji kake koyezera. Musatuluke m'wodi namwino asanakuonetseni mzere wa mlingo pa kasirinjiko.

Neti ikhale itapachikidwa kale mayi asanapite kukachira, ndipo ikhale yopanda zibowo. Musanachoke kuchipatala onani m'buku la mwana kuti alembamo katemera wa BCG ndi wa poliyo, komanso masiku obwerera pakatha sabata imodzi ndi pakatha masabata asanu ndi limodzi.

Chomaliza kulowa ndi envulopu, ndipo iyi ndimawapatsa abambo m'manja. Muli ndalama ya galimoto ya maulendo awiri: wokachira, ndi wina wa usiku umene sitiufuna koma umachitika. Kunja kwake ndimalemba manambala a madalaivala awiri a m'dera momwemo amene avomera kudzutsidwa, chifukwa usiku minibasi kulibe ndipo kabaza si yonyamulirapo mayi wa matenda. Manambalawo alowenso m'foni ya gadiyani. Chikwamacho chimakhala pafupi ndi chitseko, ndipo aliyense wamkulu m'nyumbamo amadziwa pamene chili.