Zimene ndaphunzira poyesa kuyendetsa cholozera cha kanema ndi script

Kwa milungu ingapo tsopano ndakhala ndikuphunzira kulemba mascript, omwe ndi malangizo olembedwa oti kompyuta iwatsatire yokha, a mapulogalamu okonzera makanema, ndipo chimene chinandiyambitsa ndi ntchito imodzi yotopetsa. Ndinali ndi kanema wa zokambirana wotalika pafupifupi ola lathunthu, pamodzi ndi mndandanda wa malo oposa 40 pomwe wolankhulayo ankayamba mfundo yatsopano. Ndinkafuna kuti kompyuta izipita yokha pamalo aliwonse olembedwawo, iike chizindikiro, idule kanemayo, kenako ipitirire. M'maganizo mwanga script inali dzanja lachiwiri, loti lichite zonse zimene ine ndimachita koma mofulumira komanso mosatopa. Maganizo amenewo ndi amene ananditayitsa nthawi yambiri.

Chinthu choyamba chimene ndinafunika kuchimvetsa n'chakuti mawu akuti cholozera amatanthauza zinthu zingapo zosiyana. Pali kamuvi ka mausi kamene kamayendayenda pasikirini. Pali kamzere koimirira ka pa timeline (malo pomwe zidutswa za kanema zimandandalikidwa motsatira nthawi) kamene kamasonyeza fulemu (chithunzi chimodzi cha m'kanema) yomwe ikuonetsedwa, komwe ambiri amakatcha playhead, ngakhale kuti pulogalamu ya VEGAS Pro imakatcha cursor. Ndiye palinso zidutswa za kanema zimene munthu wasankha. Tikamagwira ntchito ndi manja, zitatuzi zimayendera limodzi moti sitiona kusiyana kwake, chifukwa m'mapulogalamu ena kudina kamodzi kokha pomwe pali kamuvi kumasuntha playhead ndiponso kumasankha chidutswa. Kwa script n'zinthu zitatu, ndipo pulogalamu iliyonse imatsegula khomo la china n'kutseka la chinzake.

Ndinayambira pa pulogalamu ya DaVinci Resolve, yomwe imalandira mascript olembedwa m'zilankhulo za kompyuta za Python ndi Lua. Kusuntha playhead kunali kosavuta: lamulo la GetCurrentTimecode limanena pomwe playhead ili, ndipo la SetCurrentTimecode limaipititsa pamalo amene walemba. Tsiku limene ndinaona kamzereko kakudumpha kokha ndinkaganiza kuti theka la ntchito latha. Koma nditawerenga fayilo ya README imene imabwera ndi pulogalamuyo, momwe muli mndandanda wa malamulo onse ololedwa, ndinapeza kuti mulibe lamulo lodulira chidutswa pomwe paima playhead, mulibe loyambitsira kanema kusewera, ndiponso mulibe njira yoti pulogalamu iuze script kuti playhead yasuntha. Choncho script yanga inkatha kufikitsa kamzereko pamalo oyenera bwinobwino, n'kungoima pamenepo. Mwa njira ina, inkachita gawo lokhalo la ntchito limene linali losavuta kale.

Nkhani yosauzidwa kuti playhead yasuntha ndi imene ndinaiganizira kwambiri. Ngati pulogalamu siiuza script, script iyenera kumafunsa yokha mobwerezabwereza. Ikamafunsa pa theka lililonse la sekondi, pa kanema wa mafulemu 25 pa sekondi playhead imakhala itadutsa mafulemu 12 kapena 13 pakati pa funso loyamba ndi lachiwiri, ndipo kwa munthu wodula kanema mafulemu 12 ndi ambiri, chifukwa mkati mwake mungathe kulowa liwu lathunthu. Ikamafunsa pafupipafupi kwambiri, imapikisana ndi pulogalamuyo pa nthawi yomwe pulogalamuyo ikulimbana ndi kuonetsa zithunzi ndi mawu mosadukiza. Pulogalamu ya Blender imachita mosiyana pankhaniyi: script ya Python ingasunthe fulemu ndi frame_set, ndipo ingalembetsedwe pa frame_change_post kuti iziitanidwa nthawi iliyonse fulemu ikasintha. Izi zinandisonyeza kuti malire amenewa sachokera ku chilengedwe cha makanema ayi, koma ku zimene olemba pulogalamu iliyonse anasankha kutsegula.

Kenako panabwera cholakwa changa, chimene ndikuchilemba pano kuti ndisadzachibwereze. Timeline yatsopano mu Resolve imayambira pa timecode ya 01:00:00:00 (maola, mphindi, masekondi ndi mafulemu), osati pa ziro. Pa mafulemu 25 pa sekondi, izi zikutanthauza kuti fulemu yoyamba ndi nambala 90000, ndipo pa mafulemu 24 ndi nambala 86400. Ukafunsa chidutswa kuti chayambira pati, nambala imene chimapereka imakhala itaphatikiza ola limenelo, pomwe lamulo la AddMarker, loikira zizindikiro, limawerenga kuchokera pachiyambi cha timeline. Ine ndinatenga nambala imene chidutswa chinapereka n'kuipereka kwa AddMarker osachotserapo kanthu, ndiye zizindikiro zanga sizinaoneke pomwe ndinkaziyembekezera. Madzulo onse ndinkaganiza kuti ndagunda malire ena a pulogalamuyo, chonsecho vuto linali kuchotsera kumodzi kokha, kwa nambala ya fulemu yoyamba ya timeline, imene lamulo la GetStartFrame limapereka.

Kuchokera pamenepo ndinasiya kuona malo a playhead ngati kadontho ka pasikirini, n'kuyamba kuwaona ngati nambala, ndipo pulogalamu iliyonse ili ndi kawerengedwe kake. Pulogalamu ya Premiere Pro, kudzera m'chilankhulo cha mascript cha ExtendScript, ili ndi getPlayerPosition ndi setPlayerPosition, koma posuntha playhead siilandira mafulemu kapena masekondi. Imawerenga timagawo totchedwa ticks, ndipo sekondi imodzi ili ndi ticks 254016000000. Poyamba nambalayi inandiseketsa, koma nditaigawa ndinaona nzeru yake: imagawika mosatsala kanthu ndi 24, 25, 30 ndi 60, komanso ndi 44100 ndi 48000, zomwe ndi nambala zofala za kajambulidwe ka mawu. Fulemu imodzi pa 25 ndi ticks 10160640000, ndipo ngakhale pa 23.976, yomwe kwenikweni ndi 24000 kugawa ndi 1001, yankho limatuluka lathunthu, 10594584000. Koma ufulu umenewu uli ndi msampha wake, chifukwa nambala ya ticks ingathe kugwera pakati pa mafulemu awiri, pomwe kanema sangadulidwe pakati pa fulemu. Wolemba script ayenera kuyamba wapeza nambala ya fulemu, kenako n'kuichulukitsa ndi ticks za fulemu imodzi, osati kuchulukitsa masekondi okhala ndi madesimali. Final Cut Pro imapewa madesimali m'njira ina: m'mafayilo ake a FCPXML nthawi imalembedwa ngati nambala yogawa, monga 1001/30000s.

Chovuta kwambiri pa zonsezi ndi timecode ya drop-frame. Kanema wa mafulemu 29.97 pa sekondi anayamba chifukwa cha wailesi yakanema ya mitundu ya NTSC imene inavomerezedwa ku United States mu 1953, pamene liwiro la zithunzi linachepetsedwa pang'ono kuchoka pa 30. Ukamawerenga mafulemu 30 ngati sekondi imodzi pa kanema wotereyu, pakutha pa ola timecode imatsalira ndi masekondi 3.6 poyerekeza ndi wotchi. Njira imene anapeza, yomwe ndi drop-frame imeneyi, ndi yolumpha manambala awiri, 00 ndi 01, pachiyambi cha mphindi iliyonse kupatula mphindi ya khumi iliyonse, zomwe zimakwana manambala 108 pa ola. Palibe chithunzi chimene chimatayidwa, ndi manambala okha amene amalumphidwa. Choncho pambuyo pa 00:00:59;29 pamabwera 00:01:00;02, ndipo script ikapempha 00:01:00;00 ikupempha malo amene kulibe. Kachigawo koyamba ka script yanga kosinthira timecode kukhala mafulemu kankangochulukitsa maola ndi 108000, pomwe ola la drop-frame lili ndi mafulemu 107892. Kanema wanga anali wa 25, motero cholakwachi sichinandilume, koma chikanandidikirira pa kanema wotsatira.

Nditaona kuti lamulo lodulira palibe, ndinakopeka ndi njira imene ambiri amaitsata, yoyendetsa mausi ndi kiyibodi kuchokera kunja kwa pulogalamu pogwiritsa ntchito zida monga AutoHotkey kapena PyAutoGUI. Script imasuntha playhead, kenako chida chakunjacho chimadina mabatani odulira ngati kuti ndi munthu. Ndinayesa, ndipo zinatheka kangapo. Vuto n'lakuti chida chakunja sichiona zimene zikuchitika mkati mwa pulogalamu. Sichidziwa ngati playhead yafika kale kapena ikadali m'njira, sichidziwa ngati zenera limene likulandira mabatani ndi la timeline kapena ndi bokosi lolembamo dzina la fayilo, ndipo ngati chikudalira malo a pasikirini, kungokulitsa gawo limodzi la pulogalamu kumachisocheretsa. Ndinayamba kuikamo nthawi yodikira pakati pa malamulo, theka la sekondi apa, sekondi imodzi apo, mpaka ndinazindikira kuti sindikulembanso malangizo koma ndikungoombeza. Nawonso makompyuta amaika malire awo: macOS imafuna chilolezo cha Accessibility chida chisanayambe kudina m'malo mwa munthu, ndipo pa Linux, chida cha xdotool chinapangidwira X11, dongosolo lakale loonetsera zinthu pasikirini, moti pa dongosolo latsopano la Wayland zambiri za zimenezi n'zotsekedwa dala pofuna chitetezo. Ogwiritsa ntchito Premiere Pro ali ndi njira ina yotchedwa QE, yomwe ili ndi lamulo lodulira, koma siinalembedwe m'malangizo ovomerezeka, ndipo ine sindingamange ntchito ya tsiku ndi tsiku pa chinthu chimene eni ake sanalonjeze kuchisunga.

Mmene ndikuonera ine, malirewa ali ndi chifukwa chomveka. Playhead ndi chida cha maso a munthu, chothandiza kuti aone chithunzi asanasankhe, ndipo malo ake amasintha nthawi iliyonse munthuyo akakhudza kiyibodi. Script yodalira playhead ikudalira chinthu chimene chingasunthe pakati pa mzere wina wa script ndi unzake. Ngakhale mu VEGAS Pro, momwe script ya C# imaloledwa kuwerenga ndi kusintha CursorPosition, lamulo la Split limalandira nthawi yowerengedwa kuchokera pachiyambi cha chidutswacho, ndipo silifuna kuti cholozera chikhale pamalopo.

Mfundo imeneyi ndi imene inandithetsera vuto. Ndinadzifunsa kuti ndikusunthiranji playhead pamene manambala onse ndili nawo kale papepala. M'malo modula chidutswa chachitali, script yanga tsopano imapanga timeline yopanda kanthu, kenako imagwiritsa ntchito AppendToTimeline kuikamo kanema yemweyo kambirimbiri, ulendo uliwonse ndi startFrame ndi endFrame zake. Zotsatira zake n'zofanana ndi kudula: zidutswa zoposa 40 zondondozana, chilichonse chili ndi chizindikiro chake, ndipo playhead siisuntha ngakhale kamodzi. SetCurrentTimecode ndinaisiya pa ntchito imodzi yokha, yondipititsa pa chidutswa chimene ndikufuna kuchionanso ndi maso.

Njirayi ili ndi malire ake: imayenera kanema amene sanayambe kukonzedwa. Timeline imene yakongoletsedwa kale mitundu, yaikidwa mawu olembedwa ndi nyimbo, siingamangidwenso motere popanda kutaya ntchitoyo, choncho pa timeline yotero script imangoika zizindikiro, ine n'kumalumpha kuchoka pa chizindikiro china kupita pa chinzake ndi kiyibodi, n'kumadula ndekha. Mlungu uno ndikulembanso kachigawo kosinthira timecode kaja kuti kazizindikira drop-frame, ndipo ndidzakayesa poyamba pa 00:00:59;29, pa 00:09:59;29 ndi pa 01:00:00;00.