Zikomo Amalume, kainjini kaja kazungulira

Loweruka lapitali, cha m'ma 4 koloko madzulo, kainjini kamene ndakhala ndikusula kwa miyezi 14 kanazungulira kokha, ndipo ndikulemba mawu ano zala zanga zidakali ndi mabala a tizidutswa ta mkuwa, tulo nato tisanandikwane. Ambiri a inu mukuudziwa kale ulendowu chifukwa ndakhala ndikukudandaulirani, choncho sindibwereza zonse. Ndi kainjini koyendera mpweya wopopedwa, kokwana pachikhatho, ka mtundu uja umene silinda yake (chitsulo chabowo momwe mumayenda pisitoni) imapendekera uku ndi uku, ndipo kupendekera komweko ndiko kumatsegula ndi kutseka timabowo tolowetsa ndi kutulutsa mpweya popanda mavavu. Bowo la silinda ndi la mamilimita 12, pisitoni imayenda mamilimita 16, ndipo chilichonse kupatula sipuling'i ndi timabauti ndasula ndekha.

Ndanena kuti ndekha, koma mawu amenewa sakukwanira, pakuti popanda malume anga, alongo awo a mayi, bwenzi lero ndili ndi mulu wa zitsulo zoonongeka m'katoni. Amalume, inu munagwira ntchito pa lathe, makina osemera zitsulo mozizunguza, kumalo okonzera sitima zapamtunda ku Limbe mpaka munapuma, ndipo munali ndi ufulu wonse wokhala pakhonde n'kumamvera wailesi, koma munanditsegulira kashedi kanu ku Bangwe Loweruka lililonse, n'kundilola kugwira makina amene ngakhale ana anu simuwalola kuwayandikira.

Mapisitoni anayi ndinawaononga inu mukuona. Mpata wa pakati pa pisitoni ndi silinda umayenera kukhala pafupifupi mamilimita 0.02, wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo ine ndinkangopitirira muyeso chifukwa chopupuluma. Inu ndi amene munandiphunzitsa kuti munthu amayamba watsiriza bowo la silinda ndi reamer, chida chosalazira bowo kuti lifike pa muyeso weniweni, kenako n'kusula pisitoni molingana ndi bowolo, kuti nsonga ya mpeni wa lathe iyenera kukhala ndendende pakati pa chitsulo, ndiponso kuti chitsulo chotentha chimafufuma, motero micrometer, chida choyezera kunenepa kwa chitsulo, imanama ngati munthu sanadikire kuti chizizire. Munkatseka kunsi kwa silinda ndi chala chachikulu, n'kuponyamo pisitoni, ndipo ikagwa msanga munkangondibwezera osanena kanthu. Yachitatu itakanika ndinakwiya, ndinakupemphani kuti mungondisulira inuyo popeza kwa inu inali ntchito ya mphindi khumi, koma munakana. Tsiku limenelo ndinakwera minibasi ndili ndi mawu mumtima, ndipo ndikupepesa pamaso pa onse owerenga pano. Yachisanu inatsika pang'onopang'ono ngati ikuyandama, ndipo nditaizula inalira kuti phu, inu n'kugwedeza mutu kamodzi kokha. M'miyezi yonseyi simunagwire chogwirira cha lathe ngakhale kamodzi, ndipo lero ndikumvetsa kuti munkafuna kuti kainjinika kadzakhale kangadi.

Nthawi yowawitsitsa inali ya mu Juni ndi Julayi, pamene zonse zinali zolumikizidwa koma kainjini kankangofwenthera mpweya m'mbali, gudumu n'kuyenda theka, n'kuima. Magetsi nawo ankazima nthawi imene ndapeza mpata, ndipo Loweruka lina ndinabwerera kunyumba osasula kalikonse. Ndinakaika m'katoni ndi mtima wofuna kusiya. Amalume munabwera nokha kwathu ndi ndodo yanu, munapempha katoniyo, munayang'ana padzuwa kwa nthawi yaitali, ndipo munandionetsa kuti kabowo kotulutsira mpweya ndinakaboola pambali pang'ono, mwina osakwana theka la milimita, moti sikankakumana bwino ndi kabowo ka silinda. Munandilangiza kutseka kabowoko ndi kamtengo ka mkuwa, kumata ndi mtovu, kuboolanso, kenako kupala nkhope ziwiri zokhudzana, ya silinda ndi ya chitsulo chimene imatsamirapo, pa sandipepa wosalala woyalidwa pagalasi, ndi timadontho ta oyilo, mpaka zitagwirana osasiya mpata. Ngakhale sipuling'i munandiuza kuti ndiimange momvera ndi zala, chifukwa ikathina silinda imakakamira, ikalekerera mpweya umathawa.

Ndikuthokozanso mayi a kunyumba, amene anapirira ndalama zopita ku zitsulo pamene zofunika pakhomo zinali zambiri, ndiponso ankasesa tizidutswa totuluka m'matumba a malaya anga osadandaula. Zikomo kwa ogulitsa zitsulo zakale mumsika wa Ndirande amene ankandisungira mipopi yakutha ya mkuwa, komanso kwa mnyamata womata matayala amene anatibwereka kompuresa yake tsiku loyesa, n'kukana kulandira kalikonse. Alipo ena amene ndinawapempha kabauti kamodzi kokha iwo n'kundifunsa ngati bambo wa ana atatu angamataye nthawi ndi zidole. Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, ndipo sindinawaiwale, koma khomo ndi lotsegula ngati angafune kudzaona.

Mulungu amene anandipatsa manja ndi kupirira alemekezeke. Ndikumupempha kuti asunge maso a malume anga, amene ayamba kuchita nkhungu moti manambala a pa micrometer ndimawawerengera ndine, ndipo awapatse masiku ambiri kuti zimene zili m'mutu mwawo zifike kwa achinyamata ena.

Pamene tinatsegula mpweya, ine n'kukankha gudumu ndi chala, kainjini kanayamba kuthamanga patebulo ndipo misozi inanditsika ana anga akuona. Amalume munavula chipewa, munaweramitsa khutu pafupi ndi gudumu, munamvetsera kwa kanthawi, ndipo munanditchula dzina langa laubwana limene munali musanalitchule chimwalirire mayi. Kenako munati mukumva kugogoda pang'ono pa kachitsulo kolumikiza pisitoni ndi gudumu, ndipo ndibwere nako Loweruka likubwerali. Ndibwera, Amalume, m'mamawa ndithu.