Mmene ndinadzutsira ZX Spectrum ya mu 1982

Ndinaigula Lamlungu lina m'mawa kuno ku Leeds, pamsika umene anthu amayala katundu wakale kumbuyo kwa galimoto zawo. Kakompyuta kakuda, kopyapyala ngati buku, ka mabatani a labala: ZX Spectrum ya memory ya 48K, imene kampani ya Clive Sinclair inatulutsa mu 1982. Mwini wake sankadziwa ngati imayaka, ndipo adaputala yake inali itasowa kalekale.

Mtima unkandiuza kuti ndingolumikiza adaputala iliyonse ya 9V. Mwayi wake ndinayamba ndafufuza. Pa Spectrum, negative imakhala pakati pa pulagi, mosiyana ndi ma adaputala ambiri a masiku ano, ndipo ukasemphanitsa umawotcha zam'kati nthawi yomweyo.

Zomangira zili zisanu, kunsi. Nditazimasula ndinatukula chivundikiro mwaphuma, ndipo apa m'pamene ndinadzipweteka ndekha. Kiyibodi imalumikizidwa ku bodi ndi timaliboni tiwiri ta pulasitiki touma ndi ukalamba. Kamodzi kanangoti thyo, ngati tsamba la fodya la m'chigafa. Ndinaitanitsa membrane yatsopano, kapepala ka pulasitiki ka pansi pa mabatani komwe timaliboniti timachokera, chifukwa zimapangidwabe mpaka pano, n'kudikira sabata yathunthu.

Podikirapo ndinasintha ma capacitor akale (tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi), imodziimodzi. Ndinayamba ndajambula bodi ndi foni kuti ndione kumene mwendo uliwonse unaloza, popeza pa mabodi ena chizindikiro cha capacitor yotchedwa C46 chinalembedwa mozondoka. Mukatsatira zolembedwazo mumaika capacitor chagada.

Ntchito yeniyeni inali pa multimeter, chipangizo choyezera magetsi. Ma chip asanu ndi atatu a 4116, amene amasunga 16K yoyambirira ya memory, amafuna magetsi amitundu itatu: +5V, +12V ndi -5V. Ndinayatsa kwa masekondi ochepa chabe, poti -5V ikasowa ma chipwa sachedwa kufa. Inalidi palibe. Wolakwa anali transistor ya TR4, kanthu kochepa ngati njere ya nyemba, kamene kamathandiza kupanga magetsi enawo kuchokera ku 9V. Ndinaikapo transistor yatsopano ya ZTX651, manambala onse atatu n'kubwerera m'malo mwake.

Za chithunzi sizinavute. Ndinadula waya wa modulator, kabokosi kamene kamasandutsa chithunzi kukhala siginolo ya eriyo ya TV, n'kupititsa video ku soketi kudzera pa capacitor ya 100µF, kuti TV ya makono iwerenge mwachindunji. Ena amati kumeneku n'kuwononga chinthu cha mbiri. Ine ndimati kompyuta yosaonetsa kanthu ilibe ntchito, komanso wayayo akhoza kubwezeretsedwa.

Nditayatsa, sikirini inayera, pansi pake n'kutuluka mawu aja: © 1982 Sinclair Research Ltd. Ndinadina J, kenako Symbol Shift ndi P kawiri, lomwe ndi lamulo lotsegulira gemu, n'kulowetsa phokoso la gemu kuchokera pa foni m'malo mwa kaseti. Mizere yofiira ndi yobiriwira mwa buluu inayamba kuvina m'mphepete, kenako zii: R Tape loading error. Voliyumu ya foni inali yochepa. Ndinalumikiza chingwe ku laputopu, n'kukweza mpaka kumapeto, ndipo patatha mphindi ngati zinayi gemu inatseguka.