Ma skeleton arguments a moot anationetsa zakuda

Tapereka basi ma skeleton arguments athu, pepala lija lofotokoza mwachidule mfundo zomwe tikanene pamaso pa jaji, mtima wakhala m'malo. Inu amene moot, mlandu woyeserera wa ophunzira zamalamulo, ikukudikirani tamverani kuno.

Mlandu wathu unali wa injakishoni, munthu akufuna khoti liletse mnzake kumanga pamalo omwe akulimbirana. Pepala loyamba aphunzitsi anatibwezera lili psuu ndi bolopeni yofiira, ati jaji sanali nafe m'kalasi. Vuto linali loti mnzathu wa pagulu anangolemba "monga mwa American Cyanamid" n'kupitirira, osanena kuti ndi chigamulo cha 1975 cha House of Lords, khoti lalikulu la ku Britain panthawiyo, osanena chomwe anagamula, ngati jajiyo ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Komanso kuno poyambira ndi Order 10 rule 27 ya malamulo a High Court a 2017: pakhale nkhani yeniyeni yofunika kuzenga, chipukuta misozi cha ndalama chikhale choti sichingakwanire, ndipo kupereka injakishoniyo kukhale chilungamo. Koperani mawu enieni a lamulolo muwaike m'pepalamo, jaji asachite kudzuka kukasaka buku.

Koma chomwe chinandipsetsa mtima ndi kopulintira. Tafika m'mawa magetsi kulibe, akuti tikayatsa jenereta mtengo ukwera, talipira, bayindingi nayonso mtengo wake, kenako potsegula fayilo pa kompyuta yawo manambala a ndime onse asokonekera, pomwe tinalemba "onani ndime 14" pakuloza zina zake. Mnyamata wa pamenepo n'kumangoseka, ndalama osabweza, tsiku lonse lathera pabenchi. Pitani ndi PDF abale anga, osati Word.

Eya, ndikanaiwala, yambani ndi zomwe zinachitika. Ndani anachita chiyani, liti, ndipo mfundo iliyonse itchule ndime ya sworn statement (umboni wolembedwa wolumbirira) pomwe yachokera, paja malamulo a 2017 aja amati sworn statement, mawu oti affidavit asiyeni. Kenako mafunso omwe khoti liyankhe, awiri kapena atatu, osati khumi. Mlandu womwe ukutsutsana nanu musaubise, a mbali inayo aupeza ndithu pa MalawiLII, webusaiti ya malamulo ndi zigamulo za makhoti a ku Malawi, utchuleni nokha n'kufotokoza kusiyana kwake ndi wanuwo.

Ndibwerezenso, chilichonse chikhale m'pepalamo. Ine ndinapatsa mchemwali wanga wa unamwino kuti awerenge, pomwe anafunsa kuti "apapa ndiye kuti chani" ndinalembanso. Kumapeto nenani mwatchutchutchu chomwe mukufuna khoti lilamule, woletsedwa ndani, asachite chiyani, mpaka liti, ndiponso za ndalama zoyendetsera mlandu.