Tinkaonera nkhondo tili pachitunda ku Suruç

Kwathu ndi kufupi ndi Lizulu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire. Ukagula mbatata mbali ino uli ku Malawi, ukadumpha phula kukagula kabichi uli ku Mozambique. Mayi anga amakonda kusimba za zaka zomwe anthu a ku Angonia ankawoloka msewu umenewu pothawa nkhondo. Amati usiku ankamva mfuti, m'mawa n'kupeza anthu pakhonde ali ndi mitolo pamutu, ena mwa iwo abale athu enieni. Ine ndinabadwa nkhondoyo ili kumapeto, choncho nkhanizi ndinkangozimva ngati nthano za padangaliro. Ndinadzazimvetsa mu Okutobala 2014, ndili kutali kwambiri ndi Ntcheu.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira ku Gaziantep, kummwera kwa Turkey. Mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi anali Mkurdi, wa mtundu wa anthu opezeka mbali zonse za malire a Turkey ndi Syria, wochokera ku Suruç, katauni komwe eni ake amakatchula kuti Pirsûs. Kuyambira pakati pa Seputembala mnyamatayu anasiya kugona tulo tabwino. Foni inkangokhala kukhutu. Zigawenga za ISIS zinali zitalanda midzi yambirimbiri yozungulira Kobani, tauni ya ku Syria yoyang'anizana ndi kwawo, ndipo m'masiku ochepa chabe anthu oposa 130,000 anali atawolokera ku Turkey. Tchuthi cha Eid ya nsembe chitafika anati akupita kwawo kukathandiza makolo. Ndinamupempha kuti nditsagane naye. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ubwere, koma kulibe nkhosa chaka chino." Kunyumba ku Malawi sindinauzeko aliyense.

Tinanyamuka Lamulungu pa 5 Okutobala. Tinawoloka mtsinje wa Firate pa Birecik, ine n'kumasuzumira pawindo ngati mwana poona mtsinje womwe ndinkangouwerenga m'Baibulo. Kuchoka pamenepo dziko ndi lachidikha, minda ya thonje ndi mitengo ya mtedza wa pistachio. Suruç amatchuka ndi makangaza, ndipo inali nyengo yake, ogulitsa atawaunjika m'mphepete mwa msewu. Koma anthu anali ochuluka kuposa makangazawo. Mumzikiti anthu, m'nyumba zochitira maukwati anthu, m'masitolo osamaliza kumanga anthu, m'mapaki mabanja atatchinga ndi mabulangete. Pabwalo la Amara, nyumba ya zachikhalidwe, achinyamata ankagawa chakudya ndi zofunda, ndipo ndinamwa tiyi wanga woyamba wa ku Suruç pansi pa mitengo ya pamenepo. Pabwalo lomwelo ndi pomwe bomba linadzaphulika pa 20 Julayi 2015 n'kupha achinyamata oposa 30 omwe ankakonzeka kukathandiza kumanganso Kobani. Nditaona zithunzi zake ndinazindikira mitengo ija.

Kwa makolo a mnzanga, nyumba ya zipinda zitatu inali ndi anthu osachepera makumi awiri. Azakhali ake anakwatiwa tsidya linalo kalekale, ndiye anabwera ndi amuna awo, ana, apongozi ndi zidzukulu. Amuna awo a azakhaliwo, bambo wa imvi wosalankhulalankhula, ndinauzidwa kuti ndiziwaitana kuti xalo, kutanthauza amalume. Iwo ankandiitana "mwana wanga" ngati andidziwa kuyambira kale. Ndi iwo amene anandiphunzitsa mawu awiri omwe sindiwaiwala: serxet ndi binxet, kumtunda kwa mzere ndi kumunsi kwa mzere. Akurdi a m'dera limeneli sakonda kunena kuti Turkey kapena Syria. Mzere womwe akunenawo ndi njanji yakale yopita ku Baghdad, yomwe Ajeremani anamanga nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe. Kobani inakula pozungulira siteshoni ya njanjiyo, ndipo pangano la 1921 la pakati pa France ndi Turkey linasandutsa njanji yomweyo kukhala malire. Mudzi umodzi unagawika pawiri, wina kudzuka ali nzika ya kuno, mchimwene wake ya uko. Ndinawauza za msewu wa ku Lizulu. Anagwedeza mutu osadabwa n'komwe.

Lolemba m'mawa tinakwera galimoto ya mnansi wawo kulowera ku Mürşitpınar, pachipata cha malire, mtunda wa makilomita pafupifupi 10. Msewu waukulu unali wotsekedwa, choncho tinadzera m'tinjira ta m'minda mpaka pachitunda china chopanda mtengo ndi umodzi womwe.

Sindinkayembekezera kuti n'kufupi chonchija. Kobani yense anali poyera patsogolo pathu: nyumba zotuwa za madenga afulati, nkhokwe zazitali za tirigu pafupi ndi njanji, nsanja za mizikiti, ndi phiri la Mishtenur kuseri kwake. Munthu wa maso abwino ankatha kuona galimoto ikuyenda mumsewu. Phokoso la mfuti linkafika ngati chimanga chokazinga chikuthetheka mu chiwaya, kenaka kugunda kwa mzinga komwe umakumvera m'chifuwa. Chakumadzulo, m'mphepete mwa waya waminga, munali galimoto mazanamazana ndi ziweto zomwe othawa sanaloledwe kuwoloka nazo. Eni ake ena ankagona komweko kuzilondera, m'dera lomwe muli mabomba okwirira pansi.

Pachitundapo panali anthu a mitundu itatu. Panali atolankhani a mayiko akunja ndi makamera awo pa miyendo itatu, ena atavala zoteteza zipolopolo. Panali eni tauni, atakhala pansi m'magulumagulu, kupatsirana zoonera patali, wina akuloza kuti apo ndi pasukulu, apo ndi pamsika. Ndiye chapatali pang'ono panali akasinja a dziko la Turkey, atandandalikana, mizinga italoza ku Syria, asilikali atakhala pamthunzi wake. Nyumba ya malamulo ya Turkey inali itavomereza pa 2 Okutobala kuti asilikali atha kulowa mu Syria ndi Iraq. Akasinjawo sanasunthe.

Chifukwa chake aliyense pachitundapo ankachidziwa. Omwe ankateteza Kobani anali a YPG, gulu lankhondo la Akurdi a ku Syria, ndi gulu lawo la amayi la YPJ, ndipo boma la Turkey linkawaona ngati nthambi ya PKK, gulu la Akurdi a ku Turkey lomwe linkamenyana nalo kuyambira 1984. Bomalo linkati lilowererapo pokhapokha mayiko avomereze kutseka mlengalenga mwa kumpoto kwa Syria, kukhazikitsa dera lotetezedwa, ndi kulimbana ndi Bashar al-Assad yemwe, pulezidenti wa Syria wa nthawiyo. Ngakhale bwalo la ndege zankhondo la Incirlik, la ku Turkey komweko, lomwe lili pamtunda wosakwana makilomita 300 kuchokera ku Kobani, silinaloledwe kugwiritsidwa ntchito pokaphulitsa ISIS mpaka chaka chotsatira. Ndiye thandizo loyandikira linali lomangidwa manja, pomwe lomasuka linkachokera kutali, ku mabwalo a ku Gulf ndi pa sitima zapamadzi. Amerika ndi anzake a Chiarabu, Saudi Arabia, United Arab Emirates, Jordan, Bahrain ndi Qatar, anali atayamba kuponya mabomba mu Syria pa 23 Seputembala, koma chidwi chawo chinali ku Raqqa, likulu la ISIS mu Syria, ndi ku malo oyengera mafuta. Ku Kobani ankangodontheza. Pansi pano anyamata ndi atsikana a mfuti za Kalashnikov ankalimbana ndi akasinja ndi galimoto zankhondo zomwe ISIS inalanda, zina za ku Amerika konko zomwe inatola ku Mosul, mzinda wa ku Iraq, mu Juni.

Khungu langa linandiika m'mavuto oseketsa. Ana ankanditsatira akufuula "Obama! Obama!" Kenaka gogo wina wamkazi, wa mpango woyera ndi mphini zobiriwira pachibwano, anandigwira dzanja mwamphamvu n'kuyamba kulankhula mofulumira akuloza kumwamba. Mnzanga anamasulira: akufunsa kuti ndege zanu zili kuti. Anawafotokozera kuti ine ndine wa ku Malawi, ku Africa, mwana wasukulu chabe. Gogoyo sanandisiye. Anati, "Chabwino, ukawauze a kwanuwo." Ndinavomera ndi mutu. Ndikanati chiyani?

Madzulo a tsiku limenelo anthu anaima onse mwakamodzi. Pa nyumba ina yosanja chakummawa kwa tauni panali pataikidwa mbendera yakuda. Palibe analira mokweza. Xalo anatenga zoonera patali, anayang'ana, n'kuzipereka kwa wina osanena kanthu. Nyumba yawo inali mbali yomweyo. Dzina lomwe linali pakamwa pa aliyense tsikulo linali la Arin Mirkan, mtsikana wa YPJ amene dzulo lake anadziphulitsa pakati pa zigawenga ku Mishtenur. Dzuwa lisanalowe asilikali olondera malire anatibalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi. Ndinathamanga m'munda wa thonje ndikutsokomola, nsapato imodzi n'kutsala komweko. Mayi wina anandipatsa ndimu kuti ndipake kumaso.

Lachiwiri pa 7 tinabwereranso, ine nditavala nsapato zobwereka. Tsiku limeneli ndi lomwe pulezidenti wa Turkey, Recep Tayyip Erdoğan, ananena ali m'chigawo cha Gaziantep kuti Kobani ili pafupi kugwa. Ndi tsiku lomwelonso lomwe ndege zinabwera mwa mtundu wina. Ndegeyo suiona bwinobwino. Umangomva mkokomo wotalika ngati mvula ikubwera kuchokera kuphiri, mitu yonse n'kupenya kumwamba, wina n'kuloza kadontho konyezimira. Kenaka tsidya lija kumatuluka chiutsi chakuda chotalika kuposa nsanja ya mzikiti, mwakachetechete, phokoso lake n'kufika pambuyo ngati laiwala. Chitunda chonse chinaphulika ndi nthungululu ndi malikhweru. Achinyamata ankafuula "Bijî berxwedana Kobanê", kutamanda kulimba mtima kwa Kobani.

Bomba lina linagwa chakummawa. Xalo, munthu amene kwa masiku awiri sindinamumve akukweza mawu, anadzuka n'kuyamba kuomba m'manja, misozi ili chuchuchu. Mnzanga anandinong'oneza kuti pamene pagwapo ndi mumsewu wa kwawo. Ndinasowa poyang'ana. Pambuyo pake, tikumwa tiyi wa mnyamata wina amene ankayendayenda ndi ketulo pachitundapo, ndinawafunsa kudzera mwa mnzangayo ngati sakudandaula ndi nyumba. Anati, "Mwana wanga, nyumba ndinaimanga ndi manja awa, ndipo manja ndili nawo. Chomwe sindifuna n'chakuti iwo aja agone pa mphasa ya mkazi wanga."

Kwathu timati walira mvula walira matope. Xalo matopewo ankawaona ndi maso, koma mvulayo ankaiitanabe.

Ndiyenera kuvomereza kuti ine pachitunda paja ndinkachita manyazi. Iwo ankayang'ana kwawo. Atolankhani anali pantchito. Nanga ine? Ndinali ndi foni m'manja, ndinajambula utsi kangapo, ndipo bomba likachedwa ndinkadzipeza ndikudikira lina ngati munthu wa pabwalo la mpira. Zithunzizo sindinaziike pa Facebook. Zilipobe mu kompyuta yakale.

Tinabwerera ku Gaziantep Lachitatu movutikira, chifukwa dziko linali litawira. Akurdi anakwiya ndi kukhala chete kwa boma ndipo anadzaza misewu m'mizinda yambiri. Ku Diyarbakır ndi madera ena analetsa anthu kutuluka m'nyumba, ndipo anthu oposa 30 anafa m'masiku ochepawo. Tsiku lomwelo akuluakulu ankhondo a ku Amerika ananena poyera kuti ndege zokha sizingapulumutse tauniyo. Patapita masiku awiri nthumwi ya United Nations, Staffan de Mistura, inachenjeza kuti Kobani ikagwa tidzaonanso za ku Srebrenica, tauni ya ku Bosnia komwe anthu zikwizikwi anaphedwa mu 1995.

Zotsatira zake ndinazitsatira pa foni ya mnzanga. Makamera a pachitunda paja anachititsa kuti katauni ka anthu pafupifupi 45,000 kakhale pamaso pa dziko lonse, ndipo kugwa kwake kukanakhala chipongwe kwa Amerika. ISIS nayo inkathira anthu ake mumzindamo osaleka, zomwe zinawaunjika pamalo amodzi osavuta kuwaphulitsa. Omenya nkhondo a mkatimo anayamba kutumiza malo enieni pomwe adani abisala, ndege zikuluzikulu za B-1 n'kumazungulira pamwamba maola ambiri. Usiku wa pa 19 Okutobala ndege za C-130 zinaponya mitolo ya zida ndi mankhwala zochokera kwa Akurdi a ku Iraq, ngakhale mtolo wina unatera kwa adani. Kumapeto kwa mweziwo Turkey inalola asilikali a Akurdi a ku Iraq, otchedwa Peshmerga, pafupifupi 150 kudutsa m'dziko lake ndi mizinga yawo, ndipo anthu a ku Suruç anawachingamira m'misewu. Pa 26 Januwale 2015 a YPG analengeza kuti tauni yamasuka. Gawo lalikulu la tauniyo linali mabwinja.

Xalo sanadikire kuti wina awauze kuti kuli bwino. Chipata chitangotsegulidwa kwa obwerera, anawoloka okha, akazi awo n'kutsala ku Suruç. Patatha mlungu mnzanga anandionetsa chithunzi chomwe anatumiziridwa. Pa nyumba yonse panatsala makwerero a simenti okha, okwera kupita pomwe panali chipinda cham'mwamba. Xalo anali atakhala pa sitepe yachitatu atavala jekete lomwe lija la pachitunda. Pambali pawo panali njerwa zomwe anali atayamba kale kusankha m'zigumukire, zathunthu mulu wake, zosweka mulu wake, ndi ketulo ili pa mafuwa. Anauza mnzanga kuti andifunse ngati nsapato ija ndinaipeza.