Achifwamba a pachilumba cha Sainte-Marie

Anzanga, zimandiwawa anthu akamatama achifwamba a panyanja ngati ngwazi. Tamvani za chilumba cha Sainte-Marie, kum'mawa kwa Madagascar. Mu 1691 Adam Baldridge anakhazikika kumeneko n'kumanga linga. Ankagulitsa onga, mfuti ndi mowa kwa achifwamba olanda zombo za amalonda ndi za Asilamu opita ku Mecca. Katunduyo ankamutumizira ndi Frederick Philipse, mpondamatiki wa ku New York.

Koma chuma china chinali cha akapolo. Mu 1697 Baldridge ananyengerera eni dera kukwera chombo, n'kukawagulitsa. Abale awo anakwiya, anaononga lingalo n'kupha achifwamba ambiri, mwiniwakeyo osabwererakonso. Lero alendo amakajambula manda omwe amati ndi a achifwamba, koma ogulitsidwa aja ndani amawatchula?